Mapiko akuzungulira koma batire silikudzaza: vuto lili pati?

Funso: Ndimawotcherera zitsulo kuno ku Ntchisi. Ndapanga makina a magetsi a mphepo. Mapiko ndi asanu ndi limodzi, ndinadula ku mgolo, ndipo bwalo lake ndi mita imodzi ndi theka m'mimba mwake. Ndaikako alternator ya galimoto n'kuwaimika pa mtengo wa bulugamu wa mamita 4 pafupi ndi nyumba. Mphepo ikaomba amazungulira bwinobwino, koma batire silikudzaza, likungothabe. Kodi ndiwonjezere mapiko? Ndikufuna mababu anayi, wailesi ndi kutchaja mafoni.

Yankho: Musawonjezere mapiko, achimwene. Mukatero makinawo aziyamba kuzungulira ngakhale pa kamphepo kayaziyazi, koma liwiro lidzatsika kuposa panopa, pamene liwirolo ndi limene mukusowa. Makina amenewa ndi zinthu zitatu zofunika kumvana: mphepo ya pamalopo, mapiko ndi jenereta. Pa makina anu chilichonse chikuyenda pachokha. Luso la manja anu sindikulikayikira, chifukwa munthu amene wawotcherera habu, chitsulo chapakati chogwira mapiko, yozungulira osagwedera wadutsa kale pamene ambiri amagwera. Chatsala ndi kuyeza.

Tiyambe ndi alternator, popeza ndiyo ikukudyerani batire. Inapangidwira injini. Galimoto ikaima injini ikulira, injiniyo imazungulira ka 700 kapena 800 pa mphindi, ndipo lamba amaithamangitsa alternator kuwirikiza kawiri kapena katatu pamenepo. Kuti iyambe kuponya moto m'batire imafuna kuzungulira ka 1,000 pa mphindi kapena kuposerapo. Nanga mapiko anu? Mapiko ambiri, otambalala ngati a mgolowo, nsonga zake zimaposa liwiro la mphepo mwina kamodzi ndi theka kapena kawiri basi. Pa mphepo ya mamita 5 pa sekondi, imene kwathu kuno ndi mphepo yabwino ndithu, bwalo la mita 1.5 likuzungulira ka 100 mpaka 130 pa mphindi. Kwa maso kumeneko n'kuthamanga, koma alternator pamenepo sinadzuke n'komwe.

Vuto lachiwiri ndi lalikulupo. M'kati mwa alternator mulibe maginito enieni. Muli koyilo imene imasanduka maginito ikalandira moto kuchokera ku batire, ndipo imakoka ma amp 2 mpaka 4, ndiye kuti mawati 30 mpaka 50, kaya mphepo ilipo kaya kuli bata, malinga waya wake ali wolumikiza. Mapiko anu pa mphepo ija sangakolole mawati opitirira 20 kapena 25. Ngakhale mutamanga malamba oti akweze liwiro kakhumi, zokololazo sizingakwane kudyetsa alternator yokhayo, osanena zimene lamba amawononga pokhulana. Chotsani waya umenewo lero lomwe batire lisanafe.

Mapiko ambiri ali ndi ntchito yake. Makina opopa madzi amene mumawaona m'mafamu ena, a mapiko ambirimbiri aja, amafuna mphamvu yokankha pampu pang'onopang'ono. Magetsi amafuna liwiro, n'chifukwa chake makina a magetsi amakhala ndi mapiko atatu owonda. Anthu ambiri amatchula William Kamkwamba, amene anaimika makina ake kwawo ku Wimbe m'boma la Kasungu cha mu 2002 akadali mnyamata, koma sayang'anitsitsa mmene anawalumikizira. Mapiko ake ankatembenuza tcheni cha njinga, tchenicho n'kuthamangitsa gudumu, gudumulo n'kuthamangitsa dayinamo. Dayinamo ya njinga ili ndi maginito enieni m'kati, siipempha moto kwa batire, ndipo liwiro limene imafuna inkalipeza kudzera pa tcheni ndi gudumu. Imapereka mawati ochepa, koma zinthu zake zinkamvana, ndipo babu linayaka.

Musanagule kanthu, dziwani kaye zimene mphepo ingakupatseni. Tengani theka la kulemera kwa mpweya, muchulukitse ndi kukula kwa bwalo limene mapiko amasesa, kenako muchulukitse ndi liwiro × liwiro × liwiro la mphepo. Kumtunda ngati kwanuko mpweya umalemera pafupifupi kilogalamu 1.1 pa kiyubiki mita. Titenge chitsanzo cha bwalo la mamita 2 m'mimba mwake, limene ndi masikweya mita 3.14. Pa mphepo ya mamita 5 pa sekondi, mphamvu yodutsa m'bwalo limenelo ndi mawati 216. Yonseyo simungaitenge. Albert Betz wa ku Germany anaonetsa zaka zoposa 100 zapitazo kuti palibe makina angatenge zoposa 59 pa 100 iliyonse, ndipo makina opanga pakhomo, tikachotsa zotayika m'mapiko, m'jenereta ndi m'mawaya, akafikitsa gawo limodzi mwa magawo anayi m'batire ndiye kuti apangidwa bwino. Choncho pa mamita 3 pa sekondi mupeza mawati 12, pa mamita 5 mawati 54, pa mamita 10 mawati 430. Mphepo ikawirikiza kawiri mphamvu imawirikiza kasanu ndi katatu. Mapiko akatalika kawiri imawirikiza kanayi. Kuchuluka kwa mapiko m'masamu amenewa mulibe.

Manambala amenewa akunenanso za mtengo wanu wa mamita 4. Mphepo ya pafupi ndi denga ndi mitengo imakhala yofooka, komanso yosokonezeka: imabwera uku, kutembenuka, kubwera uko. Makina amangokhalira kutembenuza mutu osakhazikika, ndipo maberingi amatha msanga. Lamulo limene anthu a ntchitoyi amatsata n'lakuti mapiko akhale mamita 9 pamwamba pa chilichonse chimene chili pa mtunda wa mamita 150. Kumudzi si nthawi zonse zingatheke, koma pezani malo a poyera, kumbali kumene mphepo imachokera nthawi zambiri, ndipo musatsike pansi pa mamita 10 kapena 12. Pa denga pokha musaike. Kunjenjemera kwake kumalowa m'nyumba monse ndipo kumang'amba khoma.

Malo muwayese motere. Lumikizani nsungwi ziwiri zitalizitali, mumange timizere ta nsalu mita iliyonse, muimike pamene mukufunapo. Nsalu imene ikuuluka mowongoka, kuloza mbali imodzi, ili pa mphepo yabwino. Imene ikupiringizika ndi kudzikulunga pa nsungwi ili pa mphepo yosokonezeka. Liwiro mungaliyerekeze ndi maso. Mukamaimva mphepo kumaso masamba akuchita waa, ndi mamita 2 mpaka 3 pa sekondi. Masamba ndi tinthambi zikamagwedezeka osalekeza, mbendera itatambasuka, ndi 4 mpaka 5. Fumbi ndi mapepala zikayamba kuuluka ndi 6 mpaka 8, ndipo mitengo ing'onoing'ono ikamawerama yafika 9 kapena 10. Muzilemba m'kope m'mawa, masana ndi usiku. Kumbukirani kuti chaka sichifanana: mwera umaomba m'miyezi yozizira, chilimwe chimakhalanso ndi mphepo, koma m'dzinja masiku ambiri kumakhala zii kupatula chimphepo chotsogolera mvula. Ngati muli ndi foni ya intaneti, mapu a Global Wind Atlas ndi aulere. Musankhe pa mamita 10, osati pa 100, chifukwa manambala a pa 100 amasangalatsa koma ndi a makina akuluakulu.

Tsopano jenereta. Mukufuna ya maginito enieni, yoyamba kutchaja ikuzungulira pang'onopang'ono. Njira yachidule ndi kupeza mota yakale n'kuigwiritsa ntchito ngati jenereta, koma si mota iliyonse. Werengani kachitsulo kolembedwa pambali pake, mugawe rpm, kutanthauza maulendo ozungulira pa mphindi, ndi mavolti ake. Mota ya fani ya radiator ya 12 V yothamanga 2,500 rpm ikufuna maulendo oposa 200 pa volti iliyonse, ndiye ilibe ntchito pano. Mota ya makina othamangirapo olimbitsa thupi, tinene ya 180 V pa 4,000 rpm, ikufuna maulendo 22 pa volti, ndiye ifika 13 V pa 290 rpm. Imeneyo ingagwire. Mamota a m'gudumu la njinga zamagetsi opanda magiya, ndi a makina ochapira amene mota yake imagwira mgolo mwachindunji popanda lamba, nawonso ndi abwino. Iliyonse imene mwapeza, musailipire musanaizungulitse ndi chobowolera chamagetsi, mita yoyezera mavolti ili pa mawaya ake. Kenako gunditsani mawayawo pamodzi n'kuyesa kuizungulitsa ndi dzanja. Ikalimba mwadzidzidzi ngati wina waigwira, maginito ake ali moyo.

Njira yaitali, imene ine ndimaikonda kwa munthu wodziwa kuwotcherera ngati inu, ndi kupanga jenereta yanu. Kapangidwe kamene kafala m'mayiko ambiri ndi ka Hugh Piggott wa ku Scoraig ku Scotland. Mumatenga habu ya gudumu la galimoto, n'kumangapo mbale ziwiri zachitsulo zoyang'anizana. Pa mbale iliyonse mumamata maginito 12 amphamvu kwambiri otchedwa neodymium mozungulira, mosinthanitsa, ena kukoka ena kukankha, ndipo a mbale ina azikokana ndi oyang'anizana nawo. Pakati pa mbale ziwirizo pamakhala chimbale chosazungulira cha makoyilo 9 oumbidwa mu resin, phala longa guluu limene limauma n'kulimba gwa. Popeza m'makoyilomo mulibe chitsulo, maginito sagwira pena paliponse, ndipo mapiko amanyamuka ndi kamphepo kochepa. Makoyilo amalumikizidwa atatuatatu: 1, 4 ndi 7, 2, 5 ndi 8, 3, 6 ndi 9. Mumatuluka mawaya atatu a AC, moto wosinthasintha mbali, opita ku rectifier, imene imasandutsa motowo kukhala DC wa batire. Apa alternator yanu ija ili ndi mphatso: chimbale chake cha ma diode chimagwira ntchito imeneyi, bola chikhale pamalo opita mphepo chifukwa chimatentha.

Musakulunge makoyilo onse 9 mongoganizira. Kulungani imodzi, muiike pakati pa mbale, muzungulitse ndi dzanja maulendo awiri pa sekondi, muwerenge mita pa AC. Kwa mapiko a mamita 2 ndi batire la 12 V, koyilo imodzi izipereka pafupifupi 1.8 V pa 170 rpm, ndiye pa liwiro la dzanja lanulo muziona pafupifupi 1.3 V. Manambala a pa mita azivinavina pa liwiro lochepa chonchi, tengani apakati. Mukapeza theka la pamenepo, wirikizani kawiri maulendo a waya. Waya wa kopa wokutidwa mugule watsopano kwa anthu okulunga mamota. Wochotsa m'mota yopsa amakhala ndi ming'alu yosaoneka, ndipo mukaumba mu resin simungakonzenso. Maginito a neodymium ndiwo adzakudyereni ndalama zambiri. Amaphwanya zala akakumana, amawononga makadi a ku banki, ndipo amachita dzimbiri akanyowa, choncho nawonso akutidwe ndi resin. A m'masipika ndi ofooka kwambiri poyerekeza ndi amenewa, angafune mbale zazikulu ndi waya wochuluka.

Mapiko akhale a thabwa. Chitsulo cha mgolo n'cholemera ndipo chimang'aluka pa mabowo a mabawuti chifukwa chopindikapindika. Nsonga ya phiko labwino imathamanga kasanu ndi kamodzi liwiro la mphepo, ndiye pa mphepo ya mamita 10 pa sekondi ikuyenda makilomita 216 pa ola. Chitsulo chikaduka pa liwiro limenelo pakhomo pali ana, ndi maliro. Paipi ya PVC ndi yabwino pophunzirira pa makina aang'ono, osapitirira mita 1.2, koma dzuwa limaiumitsa mpaka kuthetheka. Pezani matabwa atatu a paini kapena malaina, ouma bwino, owongoka, opanda mfundo, a 2 by 6, otalika mita imodzi.

Phiko lili ndi nkhope ndi msana. Nkhope ndi yathyathyathya ndipo imayang'ana kumene mphepo ikuchokera. Msana ndi wobulungira ndipo umayang'ana ku mlongoti. Ambiri amatembenuza zimenezi, makina n'kumazungulirabe koma opanda mphamvu. Kutsinde phiko likhale lotambalala masentimita 14 kapena 15, lizichepa mpaka masentimita 5 kunsonga. Gonekani thabwa nkhope ili m'mwamba. Mphepete yakutsogolo, imene imang'amba mpweya, isiyeni pamwamba pomwepo. Yakumbuyo ndiyo mumaisema kuti itsike: pafupi ndi tsinde itsike masentimita 4 kapena 5, koma kunsonga mamilimita 3 okha. Phiko limaoneka lopotoka, ndipo liyenera kutero, chifukwa nsonga imathamanga kwambiri kuposa tsinde, motero mphepo imazipeza mbali ziwirizi mosiyana. Kunsonga phiko likhale lochindikala mamilimita 6 kapena 7, pokhuthala kwambiri pakhale gawo limodzi mwa atatu kuchokera kutsogolo. Mphepete yakutsogolo ikhale yobulungira, yakumbuyo yakuthwa. Ntchito yaikulu imachitika pa theka lakunsonga, ndiye sandipepala wanu athere kumeneko. Pomaliza pakani penti wa mafuta kangapo.

Mukamanga atatuwo pa habu, yezani kuchokera nsonga kufika nsonga, mitunda itatuyo ifanane. Kenako lendeweretsani bwalo lonse chogona pa chingwe chomangidwa pakatikati penipeni, m'nyumba mopanda mphepo. Mbali imene yatsika ndi yolemera. Onjezani mawashala mbali yopepuka, pafupi ndi tsinde, mpaka ligone mofanana. Mukalimanga pa jenereta, imikani kamtengo pafupi ndi nsonga imodzi, muzungulitse pang'onopang'ono, muone ngati nsonga zonse zikudutsa pamalo amodzi. Kusiyana kwa mamilimita ochepa n'kololeka, koma kukafika sentimita mchira wa makina uzinjenjemera ndipo zowotcherera zidzang'aluka.

Tafika pamene pagona nkhani, kumvanitsa mapiko ndi jenereta. Mapiko ali ndi liwiro limene amagwira bwino ntchito pa mphepo iliyonse. Kwa mapiko atatu ngati ndafotokozawa, chulukitsani liwiro la mphepo ndi 360, mugawe ndi 3.14 × kukula kwa bwalo. Bwalo la mamita 2 likufuna 170 rpm pa mphepo ya mamita 3 pa sekondi, 290 rpm pa mamita 5, ndi 570 rpm pa mamita 10. Jenereta iyambe kutchaja pafupi ndi 170 rpm imeneyo. Masamuwa amagwiranso chobwerera, ndipo ndi mmene muyenera kuwagwiritsira ntchito ngati mota mwaipeza kale: mota ija yoyamba kutchaja pa 290 rpm siikufuna mapiko a mamita 2, ikufuna bwalo la mita 1.2 mpaka 1.4, limene limathamanga kwambiri. Yezani jenereta kaye, mapiko musemere pa zimene mwapezazo.

Zili ngati munthu wa njinga ya magiya. Akaika giya yolemera pa chitunda miyendo imakanika kupalasa, akaika yopepuka pa msewu wosalala miyendo imangopukusa osapita patali. Jenereta ikayamba kutchaja msanga kwambiri, imawagwira mapiko asanafike pa liwiro lawo. Mudzaona akuzungulira mwaulesi, mwakachetechete, ndipo ngakhale mphepo ikule, mita ya ma amp ikungokhala pa 1 kapena 2 osakwera. Ambiri akaona zimenezi amati jenereta ndi yofooka n'kuwonjezera maginito, pamene vuto n'lakuti yachita kunyanya mphamvu. Mankhwala ake ndi kuipepuza. Onjezani washala imodzi pa bawuti iliyonse pakati pa mbale za maginito kuti mpata ukule ndi milimita imodzi, muyesenso. Mpata ukakula mavolti amatsika, jenereta imachedwa kugwira, mapiko amapeza mpata wothamanga, ndipo ma amp amakwera. Zimadabwitsa poyamba kuona kuti kutalikitsa maginito kwachulukitsa moto, koma ndi mmene zimakhalira. Ngati ndi mota yoti simungaitsegule, yesani kuilumikiza ku mabatire awiri olumikizidwa kuti apereke 24 V, kapena semani mapiko otalikirapo.

Mbali inayo, jenereta ikachedwa kugwira, mapiko amathamanga mopanda katundu. Mudzamva akulira fyuu, osaoneka n'komwe, koma mita ili pa 0 mpaka mphepo itakula kwambiri. Apa chepetsani mpata wa maginito, koma pasatsike pa milimita imodzi ndi theka pakati pa maginito ndi chimbale cha makoyilo mbali iliyonse, chifukwa maberingi akayamba kutha zidzakhulana. Onaninso kalumikizidwe. Magulu atatu a makoyilo angalumikizidwe mwa star, pamene mapeto atatu amakumana pamodzi, kapena mwa delta, pamene mapeto a gulu lina amagwira chiyambi cha linzake. Star imapereka mavolti ochuluka ka 1.73 kuposa delta pa liwiro lomwelo. Ndikukulangizani kuti mawaya onse asanu ndi limodzi muwatulutse kunja kwa resin, kuti mukafuna kusintha musaphwanye kanthu. Musinthe chinthu chimodzi pa nthawi, mulembe zimene mita yawerenga ndi mmene mphepo inalili, apo ayi simudzadziwa chimene chathandiza.

Waya wotsika ku batire nawo ali m'gulu la zoyeza. Wa kopa wa 2.5 mm² pa mtunda wa mamita 30, kupita ndi kubwera, amataya mavolti 4 pa ma amp 10, ndiye mawati 40 athera m'njira. Wa 6 mm² amataya osakwana mavolti 2. Batire likhale pafupi ndi mlongoti mmene mungathere. Chenjeraninso ndi waya wotsika mtengo wooneka ngati kopa pamene m'kati ndi aluminiyamu. Mupaleni ndi mpeni musanagule.

Makina oti akhale zaka ayenera kudziteteza ku mkuntho, chifukwa chimphepo cha mvula zoyamba sichidikira kuti mubwere ku msika. Njira yake ndi ya mchira wopindika. Jenereta isakhale pakati penipeni pa paipi imene mutu umatembenukirapo, ikhale pambali masentimita 10 kwa bwalo la mamita 2. Motero mphepo ikamakankha mapiko imafuna kuwatembenuzira kumbali. Chimene chimaletsa ndi mchira, umene suwotchereredwa koma umakolekedwa pa kachitsulo kopendekeka madigiri pafupifupi 20, kotero kuti ukafuna kupindika uyenera kukwera m'mwamba. Pa mphepo wamba kulemera kwa mchira kumapambana, mapiko amayang'ana mphepo. Mphepo ikafika mamita 10 pa sekondi kukankha kuja kumapambana, mutu umatembenuka, mchira umakwera, ndipo mapiko amaipatsa mphepo nthiti. Ikachepa mchira umatsika wokha. Mkono wa mchira ukhale wotalika ngati phiko limodzi, ndi thabwa lopyapyala la masentimita 40 kwa 70 kumapeto. Kuyeza kwake ndi kulemera. Makina akamathawa mphepo msanga, mangani kachitsulo kumapeto kwa mchira. Akamachedwa mpaka makoyilo kununkha, upepuzeni. Yambani ndi mchira wopepuka, chifukwa kutaya mawati ochepa pa tsiku la mkuntho n'kwabwino kuposa kuotcha jenereta. Wotchererani zoimitsa ziwiri kuti mchira usadzakhudze mapiko.

Chinthu chimodzi chimene chawonongetsa makina ambiri ndi kontirola ya sola. Batire likadzaza, imeneyi imangodula moto. Kwa sola palibe vuto, koma makina a mphepo akadulidwa amatsala opanda katundu, amathamanga mopenga mpaka mapiko kuthothoka. Rectifier ilumikizidwe ku batire mwachindunji kudzera pa fyuzi, ndipo batire lisachotsedwe mapiko akuzungulira. Kontirola yoyenera ndi imene, batire likafika pafupifupi 14.4 V, imapatutsira moto wotsalawo ku waya wotenthetsa wokwanira kumeza ma amp onse a makina. Mababu a galimoto ena amawagwiritsa ntchito imeneyi, koma akapsa simudziwa, batire limangowira. Ikaninso swichi ya buleki, yogunditsa mawaya atatu a jenereta pamodzi, kumbali ya jenereta, rectifier isanafike. Kumbali ya batire musayerekeze, ndi moto. Bulekiyi muziigwira mitambo ikangoyamba kuda, osati chimphepo chili pakati, chifukwa pamenepo ikhoza kukanika kuimitsa mapiko ndipo kutentha konse kumathera m'makoyilo.

Ndikuuzeninso za phindu, popeza ndalama ndi zanu. Mababu anayi a LED a mawati 5 kwa maola asanu, wailesi ndi mafoni angapo zikufuna pafupifupi ma watt-hour 200 pa tsiku (watt-hour ndi mawati kuchulukitsa ndi maola). Pamalo pamene mphepo imakhala mamita 3 pa sekondi tikaphatikiza masiku onse, makina a mamita 2 angapereke pafupifupi 400 pa tsiku, zofanana ndi sola imodzi ya mawati 100 pa tsiku la dzuwa, imene ilibe beringi yoti ithe. Pa mamita 4 amapitirira 1,000, ndipo pamenepo ayamba kubweza thukuta lanu. Ngati kope lanu lija likuonetsa masiku ambiri a bata, gulani sola kaye, makina a mphepo abwere kudzathandiza usiku ndi m'masiku a mitambo a June ndi July, pamene dzuwa limabisala koma mwera ukuomba. Ziwirizi zimagwirizana bwino pa batire limodzi.

Mlongoti wabwino ndi mapaipi awiri a madzi achitsulo a mainchesi 2, a mamita 6 iliyonse, olumikizidwa molimba, okhala pa hinji pansi kuti muzitha kuugoneka. Bulugamu amatheka, koma chiswe ndi chinyezi zimamudya pansi pomwe simukuona. Zingwe zachitsulo zikhale zinayi pakati ndi zinayi pamwamba, pansi pa pamene nsonga za mapiko zimafika, zomangidwa pa anangula okwiriridwa bwino pa mtunda wa theka la kutalika kwa mlongoti. Pamene ungagwere pasakhale nyumba, njira kapena mawaya a ESCOM. Habu ipendekere m'mwamba madigiri 4 kapena 5 kuti mapiko atalikirane ndi paipi. Waya atsike m'kati mwa paipi ali lende, ndi pulagi pansi, kuti akapotana muzimumasula. Khomani ndodo ya kopa m'nthaka n'kuilumikiza ku mlongoti ndi ku zingwe chifukwa cha mphezi, ndipo kukamachita ziphaliwali pasapezeke munthu pafupi.

Tsiku loimika musankhe la bata. Muyambe mwaukweza mlongoti wokhawokha, wopanda makina, kuti muyeze zingwe zonse, kenako muugoneke, mumange makina buleki ili yogwira, muukwezenso anthu ataima kumbali, osati pansi pake. Pakatha sabata muutsitse n'kulimbitsanso mabawuti a mapiko, chifukwa thabwa limaphwa likapanikizidwa. Muonenso ngati maginito sanakhule chimbale cha makoyilo, ndipo mugwedeze habu ndi manja kuti mumve ngati maberingi ali ndi mpata. Mukatero muzichita zimenezi kawiri pa chaka, mvula isanayambe ndi ikatha, n'kupakanso penti pa mphepete yakutsogolo ya mapiko, imene fumbi ndi madontho a mvula zimaidya msanga.